Botolo la vinyo wofiira likafika ku mapiri a Angónia

Munthu amene wakwera chapa mu mzinda wa Tete m'mamawa kulowera ku Ulongué amanyamuka thukuta lili kamukamu, koma pofika amakhala akufufuza juzi m'chikwama. Msewu umawoloka mtsinje wa Zambezi, n'kudutsa pa Moatize pamene pali migodi ya malasha, ndipo pa mphambano ya Mussacama umasiyana ndi wopita ku Zóbuè n'kuyamba kukwera. Ndi ulendo wa makilomita opitirira 200. Milambe ya kuchigwa imatsalira m'mbuyo, ndipo m'malo mwake mumayamba kuoneka zitunda za chimanga, madimba a mbatatesi ndi kabichi, zigafa za fodya ndi ngolo za ng'ombe zimene sizipatukira galimoto msanga. Tauni ya Ulongué ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, pamene phiri la Domwe limapitirira mamita 2,000. M'miyezi ya Juni ndi Julaye madambo amadzuka atachita mbuu ndi chisanu.

Kuzizira kumeneku pamodzi ndi mvula yokwanira ndi zimene zinachititsa kuti Angónia atchedwe nkhokwe ya chigawo cha Tete. Koma pali chinthu china chimene chimasungika bwino m'kuzizira kotere ngakhale sichilimidwa kuno, ndicho vinyo wofiira. M'maloja akuluakulu, pakati pa mafuta ophikira, sopo ndi nsomba za m'zitini, mumakhala mabotolo akuda ochokera ku Portugal ndi ku South Africa. Mlimi amene wabwera kudzagula feteleza amangowayang'ana n'kudutsa. Komabe botolo lotere limalowa ndithu m'mudzi. Limabwera ndi mwana wogwira ntchito ku Maputo, kapena mkamwini wochokera ku Joni amene akufuna kuti apongozi amuone kuti sanapite kukasewera. Likafika, pakhomo pamakhala kufunsana kuti kodi chinthu chimenechi amachimwa bwanji, ndipo amayamba ndani.

Mawu akuti vinyo ndi a Chipwitikizi, iwo amati vinho, monganso kachasu amene anachokera ku mawu awo akuti cachaça. Anthu ambiri a m'malire muno anayamba kumva za vinyo kutchalitchi asanamuone ndi maso. Buku Lopatulika limene linatuluka m'chaka cha 1922 lili ndi nkhani zambiri za mpesa ndi mphesa, ndipo nkhani ya ukwati wa ku Kana, kumene mkulu wa phwando analawa vinyo n'kudabwa kuti wokoma wabwera kumapeto, mwana aliyense wa Sande sukulu amaidziwa. Ansembe a chipani cha Ajezuiti amene anatsegula mishoni ya Lifidzi zaka zoposa 100 zapitazo, kenaka ya Fonte Boa, sakanachita Misa popanda vinyo, popeza lamulo la Mpingo wa Katolika limati vinyo wa paguwa akhale wa mphesa zenizeni ndiponso wosasasa. Motero ngakhale kunali kutali chotani, vinyo ankayenera kukwera mapiri amenewa.

Vinyo wambiri sanabwere ndi ansembe ayi, anabwera ndi eni makantina. Malire a pakati pa Malawi ndi Mozambique, amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana m'chaka cha 1891, amatsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana, ena kupita ku nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, ena kupita ku Zambezi. Msewu wa kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu umayenda pa msana womwewo, kotero kuti pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kukasintha ndalama ku Mozambique pongowoloka msewu. M'masiku a atsamunda, mbali ya kumadzulo kwa msewu kunali masitolo a Apwitikizi, ndipo azungu ndi makalaliki a ku Nyasaland ankaima pamenepo kugula vinyo. Ankamugulitsa m'botolo lalikulu la malita 5 lokhala ndi chogwirira, lolukiridwa ngati dengu kuti lisasweke, limene eni ake amati garrafão. Tauni ya Ulongué nthawi imeneyo inkatchedwa Vila Coutinho.

Achikulire amene anaona masiku amenewo sakamba za vinyoyo ndi chimwemwe chokha. Dziko la Portugal linali ndi vinyo wochuluka wosowa msika, ndipo maiko amene linkawalamulira mu Africa ndiwo anasanduka msikawo. Wabwino ankapita pa tebulo la mzungu. Wa munthu wakuda ankakhala wotsika, nthawi zambiri wothiridwa madzi ndi kuwonjezeredwa ukali. Pofuna kuti malondawo ayende, boma linkaletsa anthu kutcheza kachasu wawo, ndipo mayi wopezeka ndi zotchezera ankakumana ndi asupayi, mwinanso mbalamatodya kumene. Ndalama imene mwamuna wavutikira ku chibalo kapena ku migodi inkathera pa kauntala ya kantina. Katswiri wa mbiri yakale José Capela analemba buku la nkhani imeneyi limene linatuluka m'chaka cha 1973, ndipo dzina lake lokha, O Vinho para o Preto, kutanthauza vinyo wa munthu wakuda, likunena zonse. Nchifukwa chake gogo wina akaona botolo la vinyo amayamba wakhala chete, achinyamata n'kumayesa kuti sakulifuna.

Mozambique atalandira ufulu pa 25 Juni 1975, eni makantina ambiri anachoka. Minda ya azungu ya ku Angónia inalowa m'manja mwa kampani ya boma yotchedwa CAIA, ndipo pasanapite zaka zambiri nkhondo inafika. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza amene anali mbadwa ya konkuno ndi Bambo Sílvio Moreira wa ku Portugal, anatengedwa usiku ku Chapotera kufupi ndi Lifidzi n'kuphedwa. M'chaka cha 1986 midzi inatsala mabwinja, anthu atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene ambiri anakalandiridwa ndi abale awo enieni. Anayamba kubwerera mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zimenezo mchere ndi sopo zinali zosowa, za vinyo panalibe woziganizira.

Mlendo woona mitengo ya mapichesi ndi mapulamu ili mbwee m'midzi ya ku Tsangano ndi ku Domwe amafunsa chifukwa chimene kuno kulibe minda ikuluikulu ya mphesa. Yankho lili pa mvula. Ku Portugal mvula imagwa m'nyengo yozizira, ndipo mphesa zimapsa pa dzuwa louma mpaka kukolola m'mwezi wa Sepitembala. Kuno zinthu zinatembenuka: nyengo yotentha ndiyo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mphesa ikamapsa mvula ili mkati imamwa madzi ambiri, shuga wake amachepa, khungu limang'ambika ndipo nkhungu imalowa. Mpesa umodzi wa pakhonde umabereka ndithu zoti ana adye, koma vinyo wabwino amafuna mphesa zotsekemera kwambiri. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania, kumene mvula ndi yochepa, amishoni anayambitsa ulimi wa mphesa ndipo mpaka lero kumapangidwa vinyo.

Tsono vinyo amene amatchedwa wapamwamba amasiyana bwanji ndi wa m'garrafão kapena wa m'katoni? Wa m'katoni amasakaniza mphesa za alimi ambirimbiri, monga mmene chimanga cha pamsika chimasakanikirana m'nkhokwe ya wogula. Wapamwamba amachokera m'munda umodzi, kawirikawiri wa banja limodzi, umene Apwitikizi amautcha quinta. Banjalo limalima lokha, kufinya lokha ndi kuika dzina la munda wawo pa botolo, kotero kuti vinyo akaipa palibe wina womuloza chala.

Chitsanzo chodziwika chili m'chigwa cha mtsinje wa Douro kumpoto kwa Portugal, dera limene boma la kumeneko linaliikira malire a ulimi wa vinyo m'chaka cha 1756. Ndi dziko la mapiri a miyala, ndipo mipesa imabzalidwa pa migula yomangidwa ndi manja, ntchito imene mlimi wa m'mphepete mwa phiri la Domwe angaimvetse msanga. Kumeneko kunali mayi wamasiye, Dona Antónia Ferreira, amene anabadwa m'chaka cha 1811. M'masiku ake kachilombo kochokera ku America kotchedwa phylloxera kanalowa m'minda n'kumadya mizu ya mipesa, ndipo mabanja ambiri anagwa. Mankhwala ake anapezeka kuti ndi kumezanitsa: nthambi ya mpesa wa ku Ulaya pa tsinde la mpesa wa ku America umene kachilomboko sikaupha, monga mmene alimi a kuno amamezanitsira mapichesi ndi mango. Mayiyu sanagwe mphwayi. M'chaka cha 1877 anagula malo a tchire n'kutsegula munda wa Quinta do Vale Meão. Anamwalira m'chaka cha 1896, chaka chomwecho chimene Angerezi anapha Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko. Mundawo udakali m'manja mwa zidzukulu zake, ndipo mphesa zina amazipondabe ndi mapazi m'maenje omangidwa ndi miyala.

Kufiira kwa vinyo kumachokera m'khungu la mphesa. Madzi a mphesa, ngakhale yakuda, amakhala oyera, koma akawira pamodzi ndi makoko ake kwa masiku angapo amatenga mtundu. Akatha kuwira amamuika m'migolo ya mtengo chaka chimodzi kapena ziwiri asanalowe m'botolo. Kuwerengera kuti mpesa wongobzala umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke zokwanira, n'zosadabwitsa kuti botolo limodzi la munda wotchuka likhoza kudya ndalama ya matumba angapo a chimanga. Mabotolo ofika m'midzi ya kuno nthawi zambiri amakhala a mtengo wotsikirapo, koma kawerengedwe ka chikalata chake n'kamodzi. Mawu akuti tinto ndiye kuti wofiira, branco ndi woyera, ndipo chaka cholembedwapo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa. Ena amachiyesa tsiku lothera ntchito n'kumakana botolo labwinobwino poganiza kuti linaguga.

Mdani wamkulu wa vinyo ndi kutentha. Botolo limene lakhala miyezi pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa ku Tete kapena ku Moatize limakhala litapsa kale, ngakhale dzina lake likhale lalikulu chotani. Apa ndi pamene Angónia amapambana. Nyumba ya njerwa yofolera ndi udzu, pakona pamene sipafika dzuwa kapena utsi wa kukhitchini, imasunga vinyo bwino kuposa sitolo ya malata ya mumzinda. Botolo lotsekedwa ndi chitsekerero cha khungwa aligoneke cham'mbali kuti khungwalo lizikhala lonyowa, chifukwa likauma limalowetsa mpweya. Khungwa limeneli amalisenda ku mtengo wina wa ku Portugal kamodzi pa zaka 9 zilizonse osaudula mtengowo. Vinyo wofiira amakoma pa madigiri 16 mpaka 18, kumene kuli ngati kuzizira kwa m'nyumba ya ku Ulongué madzulo a mwezi wa Meyi. M'chilimwe cha Okutobala ndi bwino kuviika botolo mumtsuko wa madzi a pachitsime kwa kanthawi. Kuliika mufiriji tsiku lonse monga Fanta kumapha fungo lake lonse.

Pa za kaperekedwe, Angoni safunika kuphunzitsidwa zambiri, popeza mwambo wawo wa mowa ndi wa vinyo zimakumana panjira. Mowa wa masese ukabwera pabwalo, mwini mowa amagwada, n'kuyamba wamwa yekha m'chipanda pamaso pa onse, kenaka n'kupereka kwa wamkulu ndi manja awiri, wolandirayo n'kuti wawa. Pamene pali mwambo wa makolo amayamba athira pang'ono pansi. Nawonso eni vinyo amati wotsekula botolo ayambe wadzithirira pang'ono, anunkhize, alawe, ndipo akakhutira ndi pamene athirire alendo. Chimene akufufuza ndi fungo la chiguduli chonyowa, limene limasonyeza kuti chitsekerero chinawononga vinyo, kapena kuwawasa kwa viniga, kumene kumasonyeza kuti mpweya unalowa. Mkamwini amene wathirira apongozi ake iye asanalawe walakwira miyambo iwiri nthawi imodzi.

Kulawa kuli ndi malire ake, ndipo anthu a chigawo cha Tete anaziona m'mwezi wa Januwale 2015. Ku Chitima m'boma la Cahora Bassa anthu ochokera kumaliro anamwa mowa wa pombe. Oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira, mmodzi mwa iwo ndi mayi amene anafulula mowawo. Mphekesera inafala yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atapima anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene unanyowa n'kuwonongeka, ndipo poizoni ameneyo alibe fungo kapena kakomedwe koti lilime n'kumuzindikira. Mwini mowa nayenso anamwa, koma zimenezo sizinapulumutse munthu. Wofulula aliyense wa m'malire muno ayenera kuikumbukira nkhaniyi pamene wina akumutsatsa ufa kapena chimera chotsika mtengo chimene chinagonera madzi.

Tibwerere ku botolo lija. Vinyo wa zaka zambiri amakhala ndi nsenga pansi, choncho botolo aliimike tsiku lathunthu lisanatsekulidwe, ndipo pothira athire mofatsa, otsalira a pansi asiyidwe. Wa zaka zochepa amafuna mpweya: kumutsanulira mu jagi yoyera n'kumusiya theka la ola kumamufewetsa. Tambula ikhale yagalasi, yotsukidwa bwino kuti isanunkhe sopo kapena utsi, ndipo isadzazidwe. Gawo limodzi mwa magawo atatu ndi lokwanira. Apa ndi pamene pamabuka mkangano m'mudzi, chifukwa kwa Mngoni kupatsa mlendo chikho chosadzaza ndi kumana. Malume amayang'ana tambula, n'kuyang'ana mphwawo, n'kufunsa ngati ku Maputo anthu anayamba kumwa ngati nkhuku. Koma malo otsalawo ali ndi ntchito: womwa amazunguza vinyo pang'onopang'ono kuti fungo likwere, n'kulowetsa mphuno asanamwe. Botolo wamba ndi la mamililita 750, ndipo limakwanira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Pabwalo la anthu makumi atatu silingathandize kanthu, nchifukwa chake ochenjera amalitulutsa m'nyumba, akuluakulu okhaokha atakhala pansi, mtsuko wa masese uli panja kusangalatsa khamu.

Wolawa koyamba kawirikawiri amakwinya nkhope. Amayembekeza kutsekemera kwa sobo chifukwa cha mtundu wake, koma amapeza m'kamwa mwauma ngati wadya nthochi yosapsa kapena watafuna masamba a tiyi. Kuuma kumeneko kumachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, ndipo ndi kumene kumathandiza vinyo kukhala zaka osawonongeka. Asafulumire kumeza. Akamusunga pakamwa pang'ono amayamba kumva zina, monga mapulamu akupsa, nthudza za kutchire, mwinanso kafungo ka fodya wouma m'chigafa kamene kamachokera ku mgolo uja. Vinyo wabwino amadziwika ndi kutalika kwa kakomedwe kake munthu atameza kale. Wotsika amazimirira nthawi yomweyo n'kusiya kuwawasa kokha.

Kuuma kuja kumatha akakumana ndi mafuta a nyama, ndipo apa palibe angawaphunzitse Angoni. Nyama ya ng'ombe yootcha pamakala, mbuzi yokazinga, nkhumba, kapena nyemba zophikidwa ndi mang'ina zimayenda naye bwino kwambiri, pamodzi ndi mbatatesi za ku Tsangano kapena nsima imene. Usipa ndi matemba zimamupatsa kakomedwe ka chitsulo, ndipo tsabola wambiri amamuwotcha. Ukali wake ndi wa pakati pa 12 ndi 14 pa 100 alionse, kuposa mowa wa m'mabotolo kawiri kapena katatu, ngakhale sufika pa mutu wa kachasu. Popeza amalowa mofatsa, ambiri amamuderera, n'kudzazindikira poimirira kuti miyendo yakana. Wobwerera kwawo panjinga yamoto usiku, m'misewu ya zigwembe ya ku Domwe, tambula imodzi imukwanire.

Anthu a kumwera kwa Mozambique ali ndi kamwedwe kawo kosakaniza vinyo wofiira ndi Coca-Cola, kamene amakatcha catembe potengera dera la kutsidya kwa doko la Maputo. Ndi njira yabwino yomwera vinyo wa m'katoni pa tsiku lotentha. Kuchita zimenezo ndi botolo la quinta kuli ngati kuphika nkhuku yoweta bwino n'kuithira shuga. Botolo likatsekulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu, chifukwa mpweya ukalowa vinyo amayamba ulendo wosanduka viniga, ndipo gogo amene wabisa theka pansi pa bedi kudikira Khirisimasi adzapeza zothira mu saladi.

M'miyezi ya Novembala ndi Disembala misika ya Lizulu, Tsangano ndi Calómuè imadzaza ndi mapichesi ndi mapulamu, ndipo amene sanagulidwe pofika madzulo amatayidwa kapena kupita kwa otcheza kachasu. Ku Lilongwe banja la a Ngwira linayambitsa kampani ya Linga yopanga vinyo wa zipatso za m'dziko momwemo, monga jambula, mapulamu, magwafa ndi chidede, n'kumuika m'mabotolo okhala ndi dzina lawo. Ku Ulongué kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo zipatso zotayikazo zili pakhomo pake penipeni.

Magarrafão a masiku a Vila Coutinho sanathe onse. Ena anakwiriridwa pansi pamodzi ndi mbale ndi makasu pamene anthu ankathawa m'chaka cha 1986, ndipo eni ake anawafukula atabwerera. Dengu lolukidwa lija linadyedwa ndi chiswe kalekale, koma galasi lake ndi lochindikala. M'nyumba zina amasungiramo mbewu ya nyemba kuti anankafumbwe asalowe, m'zina palafini, ndipo m'zambiri muli kachasu wa mapichesi, wotsekedwa ndi chitsononkho.